Kwa achimwene amene mukufuna malo ku Phalombe

Achimwene, mwati Johannesburg yakukwanani, mukufuna kubwerera kwathu mukadye za m'munda mwanu, ndipo wina wakulozerani maekala anayi m'tsinde mwa phiri la Michesi. Funso lanu ndi lakuti kodi Phalombe ndi boma loti munthu angadzidalire. Ine ndinakulira komweko. Bomalo lingakudyetseni ndithu, koma chonde musatulutse ndalama musanawaone malowo m'dzinja.

Pitani mu Febuluwale, mvula ili pakati. Yendani m'mundamo ndi mapazi anu. Mukaona miyala ikuluikulu, ina yofika m'chiuno, itangomwazika pakati pa mizere, dziwani kuti sinamere pamenepo. Inatsika ndi madzi kuchokera m'phiri, ndipo pamene madzi anadutsa kale adzadutsanso. Mu Malichi 1991 Napolo anatsika m'Michesi momwemo, n'kukokolola midzi, milatho ndi anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso chimodzimodzi mbali ya ku Nkhulambe, kumene misewu inaduka moti thandizo linavuta kufika. Choncho musamangofunsa wogulitsayo. Kakhaleni pa mkeka ndi agogo a m'mudzimo, muwafunse kuti, "Madzi a 91 analekezera pati? Nanga a Freddy?" Adzakulozerani ndi ndodo yawo mtengo weniweni umene madziwo anafika.

Nyumba ikhale pamtunda, kutali ndi khwawa, ngakhale khwawalo likuoneka louma. Maziko ake akhale a simenti, okwera ndithu, chifukwa nyumba za zidina ndizo zimayamba kugwa pansi pakanyowa.

Kuchigwa, cha ku nyanja ya Chilwa, vuto ndi lina. Dothi lake ndi makande, lachonde zedi pa mpunga, koma m'dzinja ngakhale njinga yakapalasa mumachita kuisenza. Mijigo ina kumeneko imatulutsa madzi a mchere, ndiye lawani kaye madzi a pa mjigo wapafupi, mufunsenso ngati umaphwa mu Okutobala. Nsomba musaziwerengere kwambiri, pajatu Chilwa inauma mu 1995 ndipo mu 2018 inaphwanso kwambiri.

Chimanga chokha chidzakugwiritsani fuwa la moto. Mu 2024 ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Dzalani nandolo, amene kwathuko amachita bwino, komanso mapira, chinangwa ndi mbatata. Pezani kadimba, mbuzi zingapo ndi nkhuku. Zokolola muzisunga m'matumba osalowa mpweya otchedwa PICS, pa thandala lokwera, ndipo sola yaing'ono yotchajira foni ndi wailesi isasowe, kuti muzimva machenjezo a azanyengo.

Yesaninso ulendo wochoka pamalowo kukafika ku chipatala cha boma ku Migowi kapena cha mishoni cha Holy Family, muwerenge mitsinje imene mukuwoloka popanda mlatho. Mwana akatentha thupi usiku mtsinje utadzaza, chiwerengero chimenecho ndicho chidzakhale nkhani.

Pa za umwini, samalani kwambiri. Kwa Alhomwe malo amayendera kuchikazi, ndiye bambo wokugulitsaniyo mwina ndi mkamwini chabe. Alongo ndi atsibweni a pabanjapo akhalepo, amfumu achitire umboni, zonse zilembedwe, ndipo mukafunse ku ofesi ya zamalo kwa DC za kalembetsedwe kake. Mundiuze dzina la mudziwo ku inbox, mwina ndikuwudziwa.