Kapulana wa amayi pa chigwiriro cha mpeni

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa m'bale wina wa ku Moatize, amene amasula mipeni Loweruka akaweruka ku ntchito. Akufuna kupanga chigwiriro cha mpeni ndi kapulana (chitenje) amene malemu amayi ake anasiya, ndipo anachita bwino kuyamba wayesera pa nsalu ina. Akuti resina, madzi omata amene amalimbitsa nsalu ngati pulasitiki, inalimba m'chitini asanafike n'pakati pomwe pa ntchito, chitinicho chinatentha mpaka kufuka utsi, ndipo chimene anamasula m'mawa mwake chinali cha mawanga oyera, chosendeka ngati anyezi. Akufunsa ngati resina ya m'masitolo athu ndi yabodza.

Achimwene, resinayo si yabodza ayi. Chakuonongerani ntchito ndi kutentha kwa kwanuko, kuphatikizapo nsalu imene munasankha.

Chimene tikupangachi anthu amachitcha micarta. Dzinali linachokera ku kampani ya Westinghouse ku America, imene inayamba kupanga zimenezi cha m'ma 1910 kuti zizitchinjiriza magetsi m'makina. Iwo ankanyika mapepala kapena nsalu mu resina ya mtundu umene Leo Baekeland anatulukira, n'kupanikiza ndi makina otentha. Ife tilibe makinawo. Tili ndi matabwa awiri, makilampu ndi nthawi yochepa, ndiye nthawiyo ndi imene tiyenera kuisamala.

Resina imene munagula ndi ya polyester, yomwe okonza mabampa a galimoto amamatira faiba. Imabwera ndi kabotolo ka catalisador, mankhwala oilimbitsa. Mukangodonthezamo mankhwalawo, resina imayamba kudzitenthetsa yokha, ndipo ikamatentha imalimba msanga, ikamalimba msanga imatenthanso kwambiri. Ikakhala yambiri m'chitini chakuya, kutenthako kumasowa kothawira. Utsi munauona uja unachokera pamenepo. Kuno ku Ulongué mwezi wa Juni ine ndimasanja nsalu modekha, mwina mpaka kudandaula kuti ikuchedwa kuuma. Inu kumeneko mu Okutobala, dzuwa likupitirira madigiri 40, simungatengere muyezo wanga. Pa mamililita 100 a resina ikani mililita imodzi yokha ya catalisador, yoyeza ndi sirinji, osati yongoyerekeza ndi maso. Sakanizani pang'onopang'ono, theka la kapu nthawi imodzi, m'chitini chotakata ngati cha nsomba. Kapu yoyera ya pulasitiki yotayika ija musaiyese, resina imaisungunula. Ndipo dzukani m'mamawa tambala akulira, ntchito yonse ithe dzuwa lisanatuluke. Mukapeza epoxy (mtundu wina wa resina) youma mochedwa, ya maola 24, gulani imeneyo ngakhale ili yodula, chifukwa imakudikirani ndipo imagwira thonje bwino koposa. Ya mphindi zisanu ija siyothandiza pano.

Tsopano mawanga oyera aja. Pamenepo ndi pamene resina sinalowe mu ulusi. Makapulana ambiri otchipa a pamsika masiku ano ndi a polyester, ndipo ulusi wake sumwa kanthu. Dulani kachidutswa m'mphepete, muyatse ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pamene polyester imakwinyika n'kusanduka kampira kolimba kakuda. Kapulana wa amayi, ngati ndi wakale amene wachapidwa zaka zambiri, ndiye wabwino kuposa watsopano, poti sitachi ya kufakitale inatha kalekale. Mungomuchapanso, aume gwa. Chinyezi n'chimene chimachititsa kuti nsalu zisendeke.

Posanja, yalani pulasitiki pa thabwa, ikani nsalu yoyamba, pakani resina ndi kachidutswa ka khadi lolimba mpaka nsaluyo ide yonse ngati yanyowa ndi mvula. Pakakhala poyera, musaikepo inzake. Mukamaliza, kutani ndi pulasitiki, thabwa lachiwiri pamwamba, n'kumanga makilampu mosinthanasinthana, uku pang'ono, uku pang'ono. Mukayamba kumanga mbali imodzi, nsalu zimaterereka ngati therere n'kutulukira mbali inayo. Resina iyenera kuchucha m'mbali monse, koma musafinye mpaka kuiumitsa. Ine ndimaika mabauti awiri a mamilimita 7 m'mbali, pakati pa matabwawo, kuti akafika pamenepo aime okha. Siyani tsiku lathunthu pamthunzi.

Pali chinthu china chimene ndikufuna mudziwiretu, chifukwa ine chinandipweteka mtima. Maluwa a pa kapulana simudzawaona pa chigwiriro. Nditapanga changa choyamba ndi nsalu ya agogo, ndinkayembekezera nkhanga zimene zinajambulidwapo. Nditayamba kusema ndi tupa, nkhangazo zinapita ndi fumbi. Koma nditatsikira pa sandipepa wa 400 n'kupukuta ndi kansanza konyowa, panatuluka mizere yofiira, yachikasu ndi yakuda, yozungulirazungulira ngati mizere ya m'munda wa pa phiri ku Tsangano. Nsalu iliyonse inaoneka payokha, yopyapyala ngati tsitsi. Mpaka lero ndikaugwira mpeniwo posenda mbatatesi ndimazindikira kufiira kwa nsalu imene agogo ankafunda popita ku tchalitchi. Choncho sankhani mbali ya kapulana imene mitundu yake ikusiyana kwambiri, osati imene chithunzi chake chikukongola.

Fumbi limenelo ndilo ndimaliopa koposa moto wa pachipala. Ndi pulasitiki yoperedwa, ikalowa m'mapapo situluka. Valani masiki enieni, ndipo sandipepa muzimunyowetsa. Catalisador nayenso akagwera m'diso akhoza kukuchititsani khungu, ndiye magalasi ndi magolovesi musawaiwale, ndipo ana akhale kutali. Sakanizirani panja, fungo lake limazunguza mutu.

Za mpeni weniweniwo simunandifunse, ndipo ngati mukusula sipuling'i ya galimoto n'kuiziziritsa mu mafuta, muli panjira yabwino. Chokhacho, malizani zonse za moto musanamate chigwiriro, kenako kandani chitsulo ndi sandipepa wokhakhala, pukutani mafuta onse, matani ndi epoxy, n'kukhoma mapini awiri amkuwa. Ena adzakuuzani kuti tsanya kapena mlombwa zilipo zambiri, mukuvutikiranji. Mitengoyo ndi yabwino ndithu, ndimaigwiritsa ntchito, koma micarta sifufuma m'madzi, sing'aluka m'chilimwe, ndipo ikanyowa ndi magazi a mbuzi siterera m'manja ngati simunaisalalitse kwambiri.

Kapulanayo musamudule yense. Mzere umodzi wa masentimita 13 kumapeto kwake ukupatsani tizidutswa 11 kapena 12 ta masentimita 9 m'lifupi. Muzisanja tiwiri ta kapulana, kamodzi ka jinzi yakale, mpaka tithe, ndipo chipikacho mukachicheka pakati chikwanira mbali zonse ziwiri za mpeni. Koma yambani mwayeseranso kawiri pa jinzi yokhayokha, m'mamawa, ndipo mukadula chipikacho n'kupeza mkati mulibe kadontho koyera, pamenepo mukatenge lumo. Nsalu yotsalayo ipindeni, ibwerere m'sutikesi.