Mabotolo akusweka mu fuliji, mwanayo musamukalipire

Mayi wina wa ku Ntcheu wandilembera imelo, akuti amagulitsa thobwa ndi madzi ozizira m'mbali mwa msewu, koma m'mawa akumapeza mabotolo atang'aluka mu difiriza, agalasi ataphwanyikiratu. Akufunsa ngati fuliji yawonongeka kapena ndi mwana wawo amene amalongedza usiku akumagwetsa n'kubisa.

Mayi, mwanayo alibe mlandu, fulijinso ili bwinobwino, mwina ikugwira ntchito mopitirira kumene.

Funso lanuli landiwawa chifukwa ine ndinakulira kwa azakhali kuno ku Dedza, anali ndi kagolosale, ndipo panali mtsikana wantchito amene mwezi ukatha ankadulidwa ndalama ya mabotolo a Fanta osweka. Iye ankalumbira mpaka misozi kuti aunt ine sindinagwetse, koma ndani angamve wantchito. Mabotolo aja amaikidwa mu difiriza madzulo kuti azizire msanga poti magetsi amatha kuzima nthawi iliyonse, ndiye tsiku loti magetsi agona osazima, m'mawa kumapezeka magalasi okhaokha ndi ayezi wa orenji. Atachoka mtsikana uja kusweka sikunasiye, nkhani inatembenuka kuti ndi mayi wa golosale yoyandikana akutichita chipongwe. Anthu anasiya kupatsana moni chifukwa cha madzi oundana! Ife timathamangira kupeza munthu woti timuloze chala, makamaka amene sangatiyankhe, ndipo khalidwe limeneli limandinyansa kwabasi.

Chimachitika ndi ichi. Zinthu zambiri zikazizira zimanyala, madzinso amatero koma mpaka pa madigiri 4 basi. Akapitirira apo amayamba kufufuma pang'onopang'ono, ndipo akaundana pa 0 amakula ndi pafupifupi 9 peresenti. Lita imodzi ya madzi imasanduka ayezi wofuna malo a mamililita pafupifupi 1,090. Mamolekyu a madzi, tizigawo take ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, akakhala amadzimadzi amayendayenda mothithikana, koma pouma amagwirana m'timabwalo ta ngodya sikisi pakati n'kusiya mpata, ngati amayi ovina chimtali, akapanga bwalo amadya malo ambiri kuposa ali chiunjikire. Anthu ndi omwewo, malo ndi amene akula. N'chifukwa chakenso ayezi amayandama mu kapu m'malo momira.

Tsono mukadzadza botolo mpaka kukamwa n'kumanga chitsekero, ma 90 owonjezerawo alowera kuti? Chinanso, kuundana kumayambira kunja, m'mbali ndi kukhosi kwa botolo, madzi otsala pakati amatsekeredwa ndiye akamauma amakankha mbali zonse. Mphamvu yake si yamasewera, ku Florence ku Italy m'zaka za m'ma 1660 akatswiri ankadzadza madzi m'mipira yachitsulo, kutseka, kuumitsa, chitsulo n'kung'aluka. Kumayiko ozizira mapaipi a m'nyumba amaphulika nyengo yachisanu pa chifukwa chomwechi. Ndiye galasi la Fanta ndi ndani, difiriza yambiri imafika pa madigiri 18 kunsi kwa ziro.

Zakumwa za gasi ndiye zoipiratu, madzi akamaundana amatulutsa gasi uja, ndiye zokankha zimakhala ziwiri. Thobwa nalo likagonera limayamba kusasa n'kutulutsa mpweya wake, botolo limakhala lauma gwa musanaliike n'komwe.

Ndipo ife a kuno sitiyenera kudabwa nazo izi. June ndi July chisanu chikagwa m'madimba cha ku Bembeke, masamba a mbatatesi amadzuka atada ngati apsa ndi moto, ndi madzi a m'kati mwa tsamba amene aundana n'kuwononga timaselo take. Yesani kuika tomato wa pa Lizulu mu difiriza, akasungunuka amangoti phwephwete, wongoyenera supu. Alimi amadziwa kale kuti chisanu chimapsereza, palibe amene amakamenya mwana chifukwa cha mbatatesi zakuda.

Nanga mutani

Galasi lisalowe mu difiriza, olo kasitomala akhale akufulumira chotani, liziikidwa kumunsi kozizira wamba. Apulasitiki musadzadze, siyani mpata wa zala zitatu kapena zinayi pamwamba, aimikeni chilili, ndipo a thobwa muziyamba mwamasula chitsekero mpweya utuluke. Amene amamanga mafilizesi amasiya kampata mu pepala pa chifukwa chomwechi. Ngati mukufuna ayezi woika mu kula bokosi, umitsani madzi okha m'mabotolo akale osadzadza, thobwalo lizingozizira pambali pake. Osweka kalewo musadonthetsere mu kapu kuti mupulumutse chakumwa, tizidutswa tagalasi sitioneka mu ayezi, tayani zonse ndipo pochotsa muvale china chake m'manja.