Lusaka kapena Lundazi: yankho kwa mng'ono amene wapatsidwa ntchito ziwiri

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mtsikana wa ku Kapata kuno ku Chipata, amene wamaliza maphunziro a zowerengera ndalama ndipo wapeza ntchito ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba ili ku Lusaka, pakampani yaikulu yogulitsa katundu, kumene akufuna kumulemba ukalaliki muofesi ya ndalama pa malipiro a K9,500 pamwezi. Yachiwiri ili ku Lundazi, pakampani yaing'ono yogula soya ndi nshawa kwa alimi, kumene akakhala akauntanti wa nthambi yonse pa K7,000, nyumba ili ya kampani. Mayi ake akufuna Lundazi poti ndi kufupi, anzake akumuseka kuti munthu wophunzira sabwerera kumudzi, ndipo iye akufunsa kuti pakati pa malo, malipiro ndi udindo atsate chiti.

Mng'ono wanga, tiyambe ndi ndalama, chifukwa ndi zimene zikukusowetsani tulo, ngakhale kuti m'nkhani yanuyi ndi zimene zili zosavuta kuthana nazo. Ziwerengero zimene zili m'makalata awiriwo si zimene zidzalowa m'manja mwanu. Tikatsata magawo a msonkho wa PAYE a chaka cha 2024, K5,100 yoyamba pamwezi ilibe msonkho, kuchoka pamenepo kufika pa K7,100 amadula 20 peresenti, kufika pa K9,200 amadula 30 peresenti, ndipo yopitirira apo amadula 37 peresenti. Kuwonjezera apo, NAPSA, thumba la penshoni, imatenga 5 peresenti ndipo NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo, imatenga 1 peresenti. Pa K9,500 ya ku Lusaka msonkho ndi K1,141, ndipo zonse zikachotsedwa mutsala ndi pafupifupi K7,790. Pa K7,000 ya ku Lundazi msonkho ndi K380 yokha, ndipo mutsala ndi K6,200. Kusiyana kumene anzanu akukuona ngati K2,500 kwatsika kufika pafupifupi K1,590, musanagone ngakhale usiku umodzi mumzinda. Magawo a msonkho amasintha ndi bajeti, choncho muwerengenso ndi a chaka chino, poti ntchito imeneyi ndi yanu yomwe.

Ndalama yotsalayo idzathera pa nyumba ndi minibasi. Eni nyumba ambiri ku Lusaka amafuna lendi ya miyezi itatu munthu asanalowe, ndipo ngati mukakhale kwa azakhali ku Mtendere kapena ku Chelstone pamene ofesi ili kuseri kwa tauni, mudzakwera mabasi awiri m'mawa ndi awiri madzulo, mutadzuka kusanache kuti muthawe mzere wa magalimoto wa pa Great East Road. Bungwe la JCTR, limene limawerengera mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pabanja, linaonetsa mu 2024 kuti banja la anthu asanu ku Lusaka linkafunika ndalama zopitirira K10,000 pamwezi. Inu muli nokha, komatu nyumba ya mwana wa kum'mawa ku Lusaka sikhala ya munthu mmodzi kwa nthawi yaitali, chifukwa aliyense wobwera ku chipatala chachikulu cha UTH, wofuna ntchito kapena wodzagula katundu ku Kamwala amafikira pamenepo, ndipo ambiri a iwo simungawakanize. Ku Lundazi nako achibale adzabwera, koma adzabwera ndi ufa ndi nyemba. M'kuona kwanga, pa ndalama ntchito ziwirizi zikungofanana, ndipo mwina ya ku Lundazi ingakusiyireni kangachepe kosunga. Ngati muli ndi ngongole ya maphunziro ya boma, idzakutsatani kulikonse kumene mungapite, choncho siyisintha kanthu pano.

Za mtunda sindichedwapo. Kuchoka ku Chipata kupita ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi, pamene ku Lundazi ndi pafupifupi 180. Maliro akagwa kwanu Lachisanu, wa ku Lundazi amafika tsiku lomwelo, ndipo wa ku Lusaka amayamba wapempha tchuthi ndi kufunafuna ya basi. Mayi anu akuona zimenezi ndipo sakulakwa. Dziwaninso kuti ku Lundazi anthu ambiri amalankhula Chitumbuka, ndipo ngakhale Chichewa chimamveka, mlimi amene akudandaula za sikelo adzadandaula m'chilankhulo chake, ndiye mudzafunika kuchiphunzira msanga.

Pamene pagona nkhani ndi pa udindo, ndipo apa ndikupemphani kuti muiwale kaye mayina a maudindo alembedwa m'makalatamo. Ku Lusaka mudzakhala mmodzi mwa makalaliki angapo, ndipo mwina chaka chonse choyamba mudzachithera pa ntchito imodzi, monga kulowetsa mainvoisi a ogulitsa m'kompyuta ndi kuwafananiza ndi zimene banki yaonetsa. Ndi ntchito yotopetsa ndi yopapatiza, koma pamwamba panu padzakhala anthu amene anaigwira zaka zambiri, amene adzakubwezerani pepala mukalakwitsa, ndipo kumapeto kwa chaka mudzaona ndi maso anu mmene ofufuza mabuku amafunsira mafunso. Ku Lundazi zonse zidzakhala pamutu panu: malipiro a antchito, kutumiza PAYE ndi NAPSA pasanadutse pa 10 mwezi wotsatira, kuwerenga matumba m'nkhokwe, ndi kulipira alimi.

Taganizirani tsiku limodzi la mwezi wa Juni pa depoti. Ngolo za ng'ombe ndi njinga zandanda kuyambira m'mawa, mnyamata wa pasikelo akufuula makilogalamu, wina akulemba m'buku la malisiti lokhala ndi kaboni, netiweki yagwa moti ndalama za pafoni sizikupita, ndipo manijala akukuuzani kuti mungolipira ndalama zamanja, mapepala mudzakonza mawa. Madzulo mukawerenga, matumba a m'nkhokwe akupezeka ochepa poyerekeza ndi malisiti, ndipo siginecha imene ili pansi pa pepala lililonse ndi yanu. Munthu amene wadutsa nyengo ziwiri zotere ndi mabuku oyera amadziwa zinthu zimene kalaliki wa ku Lusaka sangazidziwe m'zaka zisanu. Koma munthu yemweyo akakhala wopanda womuyang'anira amaphunzira njira zokhota n'kumaziyesa ndiwo mwambo wa ntchito, kapenanso amasenzetsedwa mlandu wa kusowa kwa katundu amene anabedwa ndi ena. Makampani ena aang'ono amapatsa mwana wongochoka kumene kusukulu dzina lalikulu chifukwa chakuti safuna kulipira munthu wodziwa, ndipo akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho funso limene muyenera kufunsa a ku Lundazi musanavomere ndi lakuti ndani adzaona mabuku anu, ndipo kangati. Ngati kulikulu la kampaniyo, kaya ndi ku Chipata kapena ku Lusaka, kuli akauntanti wolembetsedwa ku ZICA, bungwe la maakauntanti m'dziko muno, amene amalandira malipoti mwezi uliwonse, amabwera kudzawerenga katundu, ndipo mungamuimbire foni zinthu zikasokonekera, ntchitoyo ndi sukulu yabwino kwambiri. Ngati yankho ndi lakuti mwini kampani ndiye amaona zonse yekha akapeza mpata, musapite. Funso limeneli likukhudzanso mapepala anu a m'tsogolo, pakuti amene akufuna kufika pa CA Zambia, pepala lapamwamba la uakauntanti la ZICA, amafunika zaka zitatu za ntchito yoyang'aniridwa ndi munthu wovomerezeka, ndipo zaka zimene mwagwira popanda wokusainirani zingakhale zovuta kuziwerengera. A ku Lusaka nawo afunseni ngati makalaliki amasinthidwa magawo, komanso kuti munthu amene anali pampando umene akukupatsaniwo anapita kuti. Ngati anakwezedwa, ndi chizindikiro chabwino, koma ngati anakhala pomwepo zaka zambiri mpaka anatopa, mwadziwiratu za mawa lanu.

Anzanu ali ndi mfundo imodzi yoona imene sindingaibise. Malikulu a mabanki, makampani ofufuza mabuku, mabungwe akunja ndi maunduna a boma ali ku Lusaka, makalasi a madzulo ali komweko, ndipo ntchito zambiri zimamveka pakamwa zisanalengezedwe. Munthu amene ali ku Lundazi akaitanidwa ku intavyu amataya masiku atatu ndi ndalama ya basi, pamene mnzake amangopempha maola awiri. Komabe kum'mawa kuno sikulinso monga kale. Chipata inakhala mzinda mu 2017, malonda a pachipata cha Mwami akuyenda, kampani ya COMACO imakonza zakudya zake konkuno, malo ogona alendo ku Mfuwe amafuna owerengera ndalama, ndipo kuchokera pamene ndalama za boma za chitukuko cha m'madera, za CDF, zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, makhonsolo ndi makontilakita akufuna anthu odziwa kusunga mabuku. Ku Lusaka mudzakhala mmodzi mwa mazana a achinyamata okhala ndi pepala lofanana ndi lanu, pamene kuno munthu wodalirika pa ndalama amadziwika msanga, ndipo wosadalirika amadziwika msanga koposa.

Pali zina za m'kalata ya ntchito zimene simunanditchulire ndipo zingasinthe chiwerengero chonse. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limanena kuti nthawi yoyesedwa isapitirire miyezi itatu, ngakhale ingawonjezeredwe ndi miyezi ina itatu, komanso kuti wogwira ntchito pa kontilakiti ya nthawi yoikika yopitirira chaka alandire gratuity, ndalama yomuthokoza, yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake oyambira kontilakitiyo ikatha. Onani ngati ntchito iliyonse mwa ziwirizi ili yokhazikika kapena ya kontilakiti. Makampani ogula mbewu amakhala ndi ntchito yambiri m'nyengo yokolola ndipo amazizira mvula ikagwa, choncho funsani mosabisa ngati amalipira miyezi yonse khumi ndi iwiri. Za nyumbayo zilembedwe m'kalata, ndipo mukaione nokha, muone ngati ili ndi madzi ndi magetsi, ndiponso ngati simukagawana ndi anyamata a pasikelo.

Mukanakhala mng'ono wanga wa bere limodzi, ndikanati pitani ku Lundazi kwa zaka ziwiri, pokhapokha womuyang'anira uja alipo ndipo malipiro ndi a chaka chonse, ndipo m'zaka zimenezo musasiye kulemba mayeso a ZICA, chifukwa madzulo a ku Lundazi ndi aatali ndipo simudzawathera m'minibasi. Mukadzafuna Lusaka pambuyo pake, mudzapita ngati munthu amene anatsekapo mabuku a nthambi yathunthu, ndipo mudzakambirana malipiro muli chiimire. Chimodzi mwa ziwirizo chikasowa, tengani ya ku Lusaka, mukhale kwa azakhali miyezi yoyamba kuti musonkhanitse ya lendi, ndipo mayi muwafotokozere ndi ziwerengero zomwezi, osati ndi mawu a anzanu. Aimbireni a ku Lundazi sabata ino, mupemphe kulankhula ndi akauntanti wa kulikulu mwiniwake, ndipo musakane ntchito ina iliyonse mpaka kalata ya inayo itasainidwa ndi mbali zonse ziwiri.