Kodi thesis yanga ndingoisindikiza ikhale monograph?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangomaliza kumene PhD. Thesis yake, buku la kafukufuku lomwe munthu amalemba kuti apate digiriyo, inali ya amayi ogulitsa matemba ku nyanja ya Chilwa. Iye analemba kuti: "Aphunzitsi ondiyang'anira andiuza kuti ntchito yangayi ikhoza kutuluka ngati monograph. Ndinangovomera, manyazi anandigwira kufunsa. Kodi monograph n'chiyani kwenikweni? Ndingonyamula thesis yomweyi n'kukapereka kwa osindikiza mabuku?"

Achemwali, choyamba ndikuyamikeni, PhD si phala loti munthu n'kungomwa. Ndipo mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Yankho lachidule n'lakuti ayi, musaipereke mmene ililimo.

Liwu lakuti monograph linachokera ku mawu awiri a Chigiriki: monos, kutanthauza chimodzi, ndi graphein, kulemba. Ndi buku la akatswiri lomwe limatenga nkhani imodzi n'kuikumba mpaka pa mizu. Ambiri amaganiza kuti "chimodzi" chimenechi chikunena za wolemba, koma chikunena za nkhaniyo. Zoona, kawirikawiri wolemba amakhala mmodzi, koma buku lotchuka lija lonena za John Chilembwe ndi kuukira kwa mu 1915, Independent African, analemba ndi anthu awiri, George Shepperson ndi Thomas Price. Linatuluka ku Edinburgh mu 1958, n'lochindikala ndithu, komabe masamba onsewo akuzungulira munthu mmodzi ndi zimene zinamufikitsa pa chiwembu chija.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi The Story of an African Famine cha Megan Vaughan, chimene Cambridge University Press inasindikiza mu 1987. Mayiyu sanalembe za njala zonse za mu Africa ayi. Anatenga njala ya mu 1949 yokha, makamaka mmene inavutira m'boma la Blantyre. Anawerenga malipoti a atsamunda, inde, koma anakakhalanso pansi ndi amayi achikulire m'midzi n'kumvetsera nyimbo zomwe ankaimba posinja pa mtondo. M'nyimbomo amayi ankadandaula za amuna amene anachoka ati kukasaka chakudya kwawo, osabwereranso, n'kusiya mkazi ndi ana ali pa njala. Malipoti a boma ankakamba za mvula, za fodya, za kuchuluka kwa anthu. Nyimbo za pa mtondo zinkakamba za mabanja amene anatha. Kuchokera pamenepo wolembayo anamanga mfundo yakuti njala siluma anthu a m'nyumba imodzi mofanana, ndipo kuti uimvetse uyenera kuona kaye mmene mwamuna ndi mkazi ankagawanirana ntchito, ndalama ndi chakudya. Chaputala chilichonse chikusenza mfundo yomweyo n'kuipititsa patsogolo pang'ono. Mukachotsapo chimodzi, nyumbayo itsala yopanda nsanamira. Monograph ndi imeneyo.

Buku lophunzitsira m'kalasi silitero, limangosonkhanitsa zodziwika kale kuti wophunzira akhoze mayeso. Buku lomwe akatswiri khumi alemba aliyense chaputala chake si monograph, ngakhale mutu utakhala umodzi. Pepala la mu journal, magazini ya akatswiri ofufuza, ndi lalifupi, mawu mwina 8,000, pamene monograph nthawi zambiri imakhala ndi mawu pakati pa 70,000 ndi 100,000.

Tsono tibwere pa thesis yanu. Munalembera ndani? Anthu atatu kapena anayi okuyesani. Munkafuna aone kuti munawerenga, n'chifukwa chake muli chaputala chathunthu cha "uje anati, uje anatsutsa, uje anawonjezera". Munkafuna aone kuti simunabere, n'chifukwa chake muli masamba makumi awiri ofotokoza mmene munasankhira ofunsidwa. Chiganizo chilichonse munachitchingira mpanda kuopa kuti wina angakukoleni. Wowerenga buku sakukuyesani. Watsegula chifukwa akufuna kudziwa zimene zimachitika pa doko la Kachulu nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Mayi amene ankadalira dengu la matemba amalowera kuti? Ngongole yomwe anatenga kwa mwini bwato amabweza ndi chiyani? Mukamuchedwetsa ndi masamba 60 a maina a akatswiri, atseka bukulo asanamve ngakhale fungo la nsomba.

Ine ndemwe ndinapsa nazo. Nditangomaliza maphunziro ndinasintha mutu wokha n'kutumiza thesis yanga kwa osindikiza ena. Patapita miyezi ingapo kunabwera ndemanga za akatswiri awiri osatchulidwa maina, ndipo mmodzi anangolemba kuti wafika tsamba 90 asanapeze chimene ine mwini ndikunena. Ndinakwiya sabata yathunthu. Kenako ndinatsegula tsamba 90 lija, ndipo munthuyo sananame.

Kulembanso kumeneku n'kowawa chifukwa mudula zinthu zimene munazivutikira usiku. Chaputala cha zolemba za ena chifupikitseni kwambiri, maina ofunikawo muwamwaze m'malo momwe mukutsutsana nawo. Za njira ya kafukufuku zikhale masamba ochepa m'mawu oyamba. Mawu a amayi mwawafunsa aja, omwe mwina munawakankhira kumapeto, abwere kutsogolo.

Osindikiza enieni safuna buku lonse poyamba. Mumawatumizira proposal: bukulo likunena chiyani, likusiyana bwanji ndi omwe alipo kale, adzawerenga ndani, chaputala chilichonse mwachidule, ndi chaputala chimodzi kapena ziwiri zachitsanzo. Akakhutira amatumiza ntchitoyo kwa akatswiri ena kuti aiunike, inu mukonze, ndipo chaka kapena ziwiri zimatha lisanatuluke. Chenjerani ndi makampani amene amakutumizirani imelo okha, kukutamandani, n'kulonjeza kusindikiza thesis yanu mwezi womwewo popanda woiunika. Buku lotero pokwezedwa pa ntchito ku yunivesite ambiri saliwerengera.

Ndalama musayembekezere zambiri, ma monograph amagulidwa makamaka ndi malaibulale. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti buku lonena za Malawi likasindikizidwa ku Ulaya limakwera mtengo moti wophunzira wa ku Zomba sangaligule. N'chifukwa chake ndimalemekeza zimene Kachere Series ku Zomba ndi Mzuni Press ku Mzuzu achita, kutulutsa mabuku a kafukufuku konkuno. Mukamakambirana ndi osindikiza akunja, funsani ngati angalole kuti litulukenso kuno kumudzi pa mtengo wotsika.

Koma musanalembere aliyense, tengani pepala mulembe ziganizo ziwiri zokha, m'Chichewa, zonena chimene mwapeza pa amayi a matemba chomwe anthu sankachidziwa. Mukawerengere azakhali anu. Akakufunsani kuti "ndiye zinatha bwanji?", munditumizire ziganizozo tiyambe kukonza proposal.