Mwana wobadwa masiku asanakwane akachedwa kujambula

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Ngabu. Mwana wawo wamkazi anabadwa mimba ili ndi miyezi 7, tsopano ali ndi zaka 4, ndipo kusukulu ya mkombaphala anzake akujambula anthu ndi nyumba pamene iye akungokhwatchakhwatcha papepala. Mlezi wa kumeneko wawauza kuti mwina mutu wa mwanayo suli bwino, choncho akufunsa ngati kubadwa msanga kuja ndiko kwachititsa zimenezi.

Mayi, ndachedwa kukuyankhani chifukwa kalata yanu yandikumbutsa masiku amene ndimavutika kuwafotokoza. Mwana wanga wachiwiri, wamwamuna, anabadwa mu Januwale 2015, nthawi imene madzi osefukira anakokolola midzi ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Tinali titathawira kumtunda, ndipo matenda anandiyamba usiku mimba ili ndi masabata 30 okha. Anabadwa akulemera makilogalamu 1.4, zala zake zili ngati timitengo ta machesi. Anamwino anandiphunzitsa kumuika pachifuwa, khungu lake likhudzane ndi langa, atavala kachipewa ndi thewera basi, kenako kumumanga ndi chitenje usana ndi usiku. Abale obwera kudzazonda ankadabwa kuti ndikufunditsiranji khanda m'kutentha kwa kuchigwa kuno, osadziwa kuti mwana wotere alibe mafuta okwanira m'thupi ndipo amazizidwa ngakhale ife akuluakulu tikutuluka thukuta. Njira imeneyi, imene tonse timaitcha kangaru, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno kwathu inayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Ndi imene inandipulumutsira mwana, pamodzi ndi mkaka umene ndinkafinyira m'kapu n'kumamumwetsa pang'onopang'ono chifukwa analibe mphamvu zoyamwira.

Atayamba kuyenda ndi kulankhula ndinaganiza kuti mavuto atha. Koma atafika msinkhu wa mwana wanuyu, pensulo ankaligwira ndi nkhonya yonse, ankadinikiza mpaka pepala kung'ambika, ndipo akalephera ankalitaya n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Mphunzitsi wina anandiuza pamaso pa mwanayo kuti ndisayembekezere zambiri kwa iye. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, chifukwa mwana yemweyo ankasiyanitsa mlamba ndi makakana asodzi akamadutsa, ankadziwa ng'ombe iliyonse ya agogo ake ndi dzina lake, ndipo nthano akaimva kamodzi ankaibwereza yonse. Nzeru anali nazo. Chimene chinkamuvuta chinali kugwirizana kwa diso ndi dzanja.

Pambuyo pake ndinamvetsa chifukwa chake. Ubongo wa mwana umakula mofulumira kwambiri m'miyezi itatu yomaliza ya mimba, ndipo mwana akabadwa masabata 37 asanakwane, makamaka asanafike 32, ntchito imeneyo imatsirizikira kunja, kumene thupi lake likulimbananso ndi kupuma, kuzizidwa ndi matenda. Kujambula kumafuna kuti diso lione chinthu bwinobwino, ubongo ukonze kayendedwe kake, ndipo zala zitsatire. Mwa ana obadwa msanga kwambiri, mgwirizano umenewu umachedwa kawirikawiri, ngakhale mwa amene amalankhula ndi kuganiza bwino lomwe. Ambiri amawapeza anzawo m'kupita kwa nthawi, ndipo ena amafunika thandizo kuti atero. Choncho yankho la funso lanu ndi lakuti inde, kubadwa msanga kungachedwetse kujambula, koma kuchedwa kujambula sikusonyeza kuti mutu wa mwana suli bwino.

Apa ndiyenera kulankhula mosabisa. Munthu amene wapatsidwa udindo wolera ana sayenera kugamula za nzeru za mwana poyang'ana pepala limodzi. Lipoti la mu 2012 limene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena linaika Malawi patsogolo pa maiko onse, ponena kuti ana pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse ankabadwa masiku asanakwane, ndipo malungo a amayi oyembekezera, amene kuchigwa kuno ndi ochuluka, ali m'gulu la zoyambitsa zake. Izi zikutanthauza kuti palibe kalasi ya Sitandade 1 ku Nchalo, ku Bangula kapena ku Makhanga imene mulibe ana otere, koma kawirikawiri palibe amene amafunsa kholo kuti mwanayu anabadwa bwanji. Komanso ana ambiri a kumudzi amayamba kugwira pensulo tsiku limene alowa m'kalasi, ndiye timawayerekeza ndi mwana wa patauni amene wakhala akuseweretsa makrayoni chiyambire kukwawa.

Koma sindigwirizananso ndi mawu otonthoza akuti musadandaule, adzakula. Ine ndinawamvera mawu amenewo kwa chaka chathunthu, ndipo chaka chimenecho ndinamutayitsa mwana wanga. Amene anazindikira vuto anali apongozi anga. Tsiku lina tikusankha nyemba pamkeka anandiuza kuti, "Amake mwana, taonani mmene mnyamatayu akuyandikitsira nyemba kumphuno. Kodi akuona bwino ameneyu?" Tinakwera basi kudutsa pa Thabwa mpaka ku Blantyre, ndipo kuchipatala cha maso cha ku Queen Elizabeth anapeza kuti saona patali ndiponso diso limodzi ndi lofooka kuposa linzake. Mavuto a maso otere ndi ofala mwa ana obadwa msanga. Chinthu chozungulira chimene ankam'jambulira pabolodi kuti atengere, iye sankachiona bwino n'komwe.

Atavala magalasi sindinam'patse pepala msanga, chifukwa anali ataliopa. Madzulo dzuwa likapepa tinkakhala pansi pa mtengo wa bwemba, ine n'kusalaza mchenga ndi chikhatho, iye n'kumalemba ndi chala, kenako ndi kamtengo. Pamchenga mwana akalakwitsa amangofufuta, palibe chong'ambika. Ankaumba ng'ombe zadothi ndi asuweni ake, ankatongola chimanga, ankatunga mikanda, ndipo zonsezi zinalimbitsa zala zake. Munthu wake woyamba anamujambula ali ndi zaka 5 ndi miyezi ingapo: mutu waukulu, maso awiri, ndi miyendo yotuluka m'mutu momwemo. Ananena kuti ndi agogo ake.

Zimene mungachite

Kuchotsera miyezi imene mwana anabadwa isanakwane powerengera msinkhu wake kumathandiza mpaka zaka 2, ndiye pa zaka 4 musadalirenso zimenezo. Ana ambiri amatha kutengera chinthu chozungulira pa zaka 3, mtanda pa zaka 4, ndi chinthu cha ngodya zitatu pa zaka 5 kapena 6. Mujambulireni chinthu chozungulira chachikulu pamchenga muone ngati angatengere, ndipo muonetsetse mmene amagwirira sipuni, mmene amamangira mabatani, ndi ngati dzanja limodzi limakhala lolimba kapena lofumbata nthawi zonse. Kenako tengani buku lake la kuchipatala mupite kusikelo, muwauze alangizi a zaumoyo miyezi imene anabadwira ndi kulemera kwake pobadwa, ndipo mupemphe kalata yoti akamuyeze maso, makutu ndi kakulidwe kake kuchipatala cha boma. Ngati dzanja lili ndi vuto, funsani za madokotala a mafizo.

Mlezi ujanso mukakumane naye mwana palibe, mum'fotokozere mmene mwanayo anabadwira, ndipo mum'pemphe kuti azimukhazika kutsogolo, pafupi ndi bolodi, kufikira maso ake atayezedwa.