Skyrim ya ma mod ikumangodzitsekera yokha: mugule graphics card ina?

Funso: Ndimasewera Skyrim Special Edition pa kompyuta ya Windows ndipo ndinaikamo ma mod (zowonjezera zosintha gemu, zopangidwa ndi osewera) pafupifupi 180 kudzera pa Vortex, pulogalamu yoikira ma mod. Poyamba zonse zinkayenda bwino, koma masiku ano gemu imangodzitsekera n'kundibweza pa desktop popanda uthenga uliwonse. Nthawi zina zimachitika pakatha mphindi 10, nthawi zina ola lathunthu. Mwezi watha ndinachotsa ma mod angapo omwe sanandisangalatse. Kodi graphics card yanga yatopa?

Yankho: Achimwene, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Graphics card sinalakwe kanthu. Vuto mwalitchula nokha: munachotsa ma mod mutayamba kale gemu, ndipo ndikukhulupirira kuti munapitiriza ndi save yomweyo. Anthu ambiri obwera ndi dandaulo ngati lanuli amakhala atachita zomwezi, ndipo chimandiwawa n'chakuti opanga ma mod ambiri amalemba chenjezo limeneli patsamba lomwe munthu amatengapo mod. Kungoti ambiri amathamangira batani lopangira dawunilodi osawerenga mzere ndi umodzi womwe.

Skyrim ili ndi chinenero chake cha ma script (malangizo ouza gemu chochita) chotchedwa Papyrus. Mod ikakhala ndi ma script, zambiri za ma script amenewo zimalembedwa mkati mwa save yanu. Mukaichotsa mod, mafayilo ake amapita ndithu, koma save imakumbukirabe zinthu zomwe kulibenso ndipo imapitiriza kuzifunafuna. Gemu siizima pompopompo. Imayenda bwinobwino mpaka mutafika pamalo, kapena kukumana ndi munthu, kapena kutola chinthu chomwe mod ija inakhudza. N'chifukwa chake inu mukuona ngati imazima mwachisawawa, pamene ili ndi chifukwa chake chenicheni.

Kutsimikiza n'kosavuta. Yambani gemu yatsopano. Simufunikanso kukwera ngolo ya ku Helgen yomwe gemu imayambira: mukafika pa menyu yoyamba tsegulani console (malo olembera malamulo) ndi batani lomwe lili pansi pa Esc, lembani coc riverwood, lamulo lomwe limakufikitsani m'mudzi wa Riverwood pompopompo. Kuchoka pamenepo yendani wapansi mpaka ku Whiterun, menyani nkhondo panjira, lowani ndi kutuluka m'nyumba zingapo. Ikapirira nthawi yoposa ola lomwe mwatchulalo, save yakale ija ndiyo yodwala. Bwezerani ma mod munachotsawo n'kutsegula save ya musanawachotse, ngati ilipo. Ngati palibe, pulogalamu ya ReSaver ya mu FallrimTools imatha kuchotsa zotsalira za ma script, koma siichiritsa save iliyonse, ndipo muyambe mwakopera save yanu pambali musanaigwire.

Gemu yatsopano nayo ikazima, ikani Crash Logger SSE. Imalemba fayilo yotchedwa log mu foda ya Documents, My Games, Skyrim Special Edition, SKSE nthawi iliyonse gemu ikagwa. Musachite mantha ndi manambala odzaza mmenemo. Inu muzingofuna mayina othera ndi .esp, .dll kapena .nif. Log imodzi siikwanira, chifukwa dzina la mod yosalakwa likhoza kutulukamo pongoti inali pafupi. Sonkhanitsani zitatu kapena zinayi, muone dzina lomwe likubwerezabwereza. Ndipo chonde musanditumizire Papyrus log. Imeneyo siinena chomwe chagwetsa gemu, mzere wake womaliza umangokhala chomwe chinalembedwa komaliza basi. Anthu achotsa ma mod abwinobwino chifukwa cha iyo.

Log ikapanda kuloza wina aliyense, njira yomwe ine ndimaidalira kuposa zonse ndi yogawa pakati. Ndiifotokoza bwino chifukwa ambiri amaichita molakwika n'kumati siigwira ntchito.

Pangani profile yatsopano mu Vortex, kapena mu Mod Organizer 2 kwa omwe amagwiritsa ntchito imeneyo, kuti mndandanda wanu weniweni usasokonekere. Zimitsani theka la ma mod, 90 atsale. Yambani gemu yatsopano n'kuyenda njira yomwe ija ya Riverwood mpaka Whiterun. Ikazima, wolakwa ali mwa 90 oyakawo. Ikapanda kuzima, ali mwa 90 ozimitsidwawo. Gulu lolakwalo ligaweninso pakati: 45, kenako 23, kenako 12, mpaka itatsala imodzi. Pa ma mod 180 simupitirira maulendo 8. Yerekezani ndi munthu amene akuzimitsa imodziimodzi mongoganizira, amene angathe sabata yonse asanapeze kanthu.

Koma pali misampha. Woyamba, ulendo uliwonse uyambe ndi gemu yatsopano. Mukayesera pa save yakale mukubwereza cholakwa chomwe chakubweretsani kuno, kokha kuti tsopano mwachotsa ma mod 90 nthawi imodzi. Wachiwiri, ma mod ena amatsamira pa anzawo. Mukazimitsa Unofficial Skyrim Special Edition Patch n'kusiya ma mod omwe amaifuna, gemu imagwa isanafike n'komwe pa menyu, inu n'kuganiza kuti mwamupeza wolakwa pamene vutolo mwalipanga nokha. Choncho SKSE (Skyrim Script Extender, pulogalamu yomwe ma mod ambiri amadalira), Address Library, SkyUI ndi patch imeneyi zisiyeni zoyaka nthawi zonse, ndipo mod iliyonse iziyendera limodzi ndi ma patch ake. Wachitatu, mafayilo omwe anapangidwa ndi mapulogalamu monga DynDOLOD, Nemesis kapena Bashed Patch anapangidwa potengera mndandanda wonse wa 180. Azimitseni poyesa, mudzawapangenso mukamaliza.

Msampha wachinayi ndi kusaleza mtima, ndipo umenewu ndiwo umagwira anthu ambiri. Mwanena nokha kuti nthawi zina gemu imatha ola isanagwe. Ndiye mphindi zisanu zingakuuzeni chiyani? Ngati mukufuna kufupikitsa, pezani chinthu chomwe chimaigwetsa msanga. Kodi imagwa kwambiri polowa mumzinda, pomenyana, potsegula katundu wa munthu wakufa, kapena poseva? Kugwa pamalo amodzimodzi kumaloza mesh (fayilo ya .nif yosunga maumbidwe a chinthu) yowonongeka kapena ma mod awiri osintha malo omwewo. Kugwa pomenyana kumaloza ma animation, chida kapena matsenga ena. Mukachipeza, muzipita pomwepo ndi coc ulendo uliwonse. Lembani papepala gulu lomwe linali loyaka ndi zomwe zachitika, chifukwa pofika ulendo wachisanu mutu sukumbukiranso.

Zimachitikanso kuti magulu onse awiri akuyenda bwino paokha. Pamenepo ndiye kuti ndi ma mod awiri osagwirizana, wina mbali iyi wina mbali inayo, kapena kompyuta ikulemedwa onse akayaka pamodzi. Siyani gulu limodzi loyaka lonse, muzigawa linalo mpaka mutapeza woyamba, kenako mutembenuze. Awiriwo mukawapeza, atseguleni mu pulogalamu ya SSEEdit muone pomwe akulimbana. Kawirikawiri patch yake imakhala ilipo kale pa Nexus Mods, munthu anangoilambalala.

Zinazi ndingodutsamo. Yendetsani LOOT, pulogalamu yosanja ma mod mwa ndondomeko yake, ndipo muwerenge machenjezo ake, osangodina batani. Ikani SSE Engine Fixes ndi zigawo zake zonse. Ma mod a Skyrim yakale ya 2011 musawaponye mu Special Edition ya 2016 osawasintha, ma mesh ake ena amagwetsa gemu. Malire a ma plugin akuluakulu (mafayilo a .esp ndi .esm) ndi 254, ndipo ndi ma mod 180 mwina inu simunafikeko. Ma fps (zithunzi pa sekondi) akapitirira 60 popanda SSE Display Tweaks, zinthu zimayamba kuuluka m'nyumba ndipo gemu imasokonekera. Ma texture a 4K pa chikho chilichonse ndi mwala uliwonse ndi kungowononga: imodzi yokha imadya pafupifupi 21 MB ikakhala yopanikizidwa ndi BC7. Ndipo ngati munazimitsa page file ya Windows (gawo la disk lomwe limathandiza RAM ikadzaza) chifukwa wina anati kompyuta izithamanga, iyatseni lero lomwe. Skyrim yodzaza ma mod ikasowa memory imangotseka osatsanzika.

Funso: Yanga ndi yosiyana pang'ono. Ndikamasewera, kompyuta yonse imazima n'kudziyatsanso yokha. Ndi mod iti imachita zimenezi?

Yankho: Palibe mod yomwe ingazimitse kompyuta yathanzi, bambo. Mod imagwetsa gemu, Windows n'kutsala ili chilili. Makina onse akamazima, mod yangowonjezera katundu mpaka chida chofooka chadziulula. Woyamba kumukayikira ndi power supply. Ndatopa kuona anthu akugula graphics card yapamwamba n'kuilumikiza ku kabokosi kopepuka kopanda dzina, kolembedwa ma watt ambirimbiri omwe sikangatulutse n'komwe. Kadi ikangokoka magetsi mwadzidzidzi, kabokosiko kamagonja, ndipo tsiku lina kadzapita ndi motherboard. Mu Event Viewer mupeza Kernel-Power 41, koma imeneyo imangotsimikiza kuti kompyuta inazima mosayenera, siinena chifukwa. Bwerekani power supply yodalirika muyesere.

Pambuyo pake onani kutentha ndi pulogalamu ya HWiNFO gemu ili mkati. Ngati simunatsegulepo bokosi la kompyuta chiigulireni, mafani ndi heatsink zatsekeka ndi fumbi. Kenako RAM: zimitsani XMP (yomwe imathamangitsa RAM) mu BIOS, muchotse overclock iliyonse, musiye MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, iyende usiku wonse. Cholakwika chimodzi chokha chikatuluka n'chokwanira. Tulutsani RAM, muziyesa imodziimodzi.

Funso: Dzulo zonse zinali bwino. Lero Steam yapanga update ndipo gemu siikutseguka n'komwe.

Yankho: Apa palibe chodabwitsa. SKSE imapangidwira mtundu umodzi wa gemu, ndipo ma mod okhala ndi .dll amadalira mtundu womwewo. Zinavutitsa anthu ambiri mu November 2021 pomwe Anniversary Edition inasintha gemu kuchoka pa 1.5.97 kupita pa 1.6. Dinani kumanja pa SkyrimSE.exe, Properties, Details, muone nambala. Gemu ya 1.5.97 imafuna SKSE 2.0.20, ya 1.6.1170 imafuna 2.2.6. Tenganinso Address Library yogwirizana nayo, kenako muyendere mod iliyonse ya .dll payokha, chifukwa imodzi yotsalira m'mbuyo ndi yokwanira kutseka khomo. Save yanu musaitsegule kufikira zonse zitagwirizana. Mukakonza, uzani Steam kuti izipanga update pokhapokha mwaitsegula gemu kudzera mwa iyo, ndipo inu muziitsegulira pa SKSE nthawi zonse.