Bolodi ya 486 ikulira katatu: kodi memori yafa?

Wowerenga wina watitumizira imelo. Akuti wapeza bolodi yaikulu (motherboard) ya kompyuta yakale ya purosesa ya 486, yokhala ndi malo asanu ndi atatu a memori, ndipo BIOS yake (pulogalamu yoyambitsa kompyuta ikayatsidwa) ndi ya kampani ya AMI. Waikamo timakhadi ta memori tiwiri, koma akayatsa sikirini imangoti bii, kasipika n'kulira katatu. Akufunsa ngati memoriyo yafa.

Musaitaye msanga. Pa AMI, kulira katatu kumasonyeza kuti 64K yoyambirira ya memori yalephera kuwerengeka, koma BIOS siuza chifukwa chake. Imalira chimodzimodzi kaya chipu yapsa, kaya mapini ada, kaya timakhadi n'tosakwana. Kwa inu, ndikuganizira chomalizachi.

Malo asanu ndi atatu pa 486 nthawi zambiri amakhala a SIMM ya mapini 30, kakhadi kotalika masentimita pafupifupi 9, kopanda mpata pakati. Kamodzi kamanyamula mabiti 8 okha, pomwe purosesa ya 486 imafuna 32 nthawi imodzi. Ndiye pafunika tinayi tofanana kukula, tonse m'gulu lolembedwa Bank 0 pabolodipo. Tiwiri timakwanira pa 286 ndi 386SX basi. Ka mapini 72, kotalikirapo komanso kokhala ndi mpata pakati, kamagwira kokha pa 486, koma pa Pentium timafunika tiwiritiwiri.

Kuti mudziwe chomwe muli nacho, werengani machipu. Akakhala 9 kapena 3, kakhadiko kali ndi parity, biti yoonjezera yofufuzira zolakwika. Akakhala 8 kapena 2, kalibe. Mabolodi ambiri akale amakana kopanda parity pokhapokha mutazimitsa parity check mu BIOS, ngati malo ozimitsirawo alipo. Kenako onani manambala pamwamba pa chipu. 44256 ndi 256K kuchulukitsa mabiti 4, 511000 ndi 1M ya biti imodzi, 514400 ndi 1M ya mabiti 4. Choncho machipu asanu ndi anayi a 511000 akupanga 1MB, monganso awiri a 514400 ndi kachitatu ka parity. Ngakhale kukula kwake kufanane, musasakanize mitundu iwiriyi m'gulu limodzi, chifukwa mabolodi ena amasokonezeka pa refresh, kutsitsimutsa zomwe memori yasunga. Nambala yakumapeto, -7 kapena -70, ndi liwiro la 70ns. Mukadzapeza bolodi ya mapini 72, dziwani kuti ma 486 ambiri amafuna memori ya mtundu wa FPM, osati wa EDO. EDO inatchuka mu 1995 ndi chipseti cha Intel 430FX cha Pentium.

Timakhadi tikakwana koma kulira osasiya, zimitsani, zulani chingwe, gwirani chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi achoke. Pukutani mapini ndi labala yoyera mopepuka, mutsirize ndi mowa wa isopropyl. Polowetsa, pendeketsani kakhadi, kafike pansi, ndiyeno kaimiritseni mpaka timagwiriro tiwiri titati khethe. Tapulasitiki timathyoka msanga, ndipo kakhadi kogwedera kamaoneka ngati kakufa. Mapini otuwa a tini aziyendera limodzi ndi soketi ya tini, agolide ndi yagolide. Zosakaniza zimachita dzimbiri pakapita zaka.

Chomwe ndimadera nacho nkhawa kwambiri ndi batire. Ambiri mwa mabolodi awa ali ndi batire ya NiCd ya 3.6V yooneka ngati kamgolo, yowotchereredwa pabolodi. Ikakalamba imadontha n'kudya timizere ta kopa. Mukaona zobiriwira kapena ufa woyera pafupi, idulenipo lero lomwe. Pakani viniga pang'ono, popeza zodonthazo ndi za alikali, tsukani ndi madzi osungunula, kenako isopropyl, muumitse bwinobwino. Yesani mzere uliwonse wokayikitsa ndi mita; woduka mulumikize ndi kawaya kopyapyala. Mzere umodzi wopita ku soketi ukaduka, memori iliyonse imene mungaike idzaoneka yakufa.

Bolodi ikayaka, timakhadi tinayi ta 1MB tingasonyeze 3712K m'malo mwa 4096K. Palibe chalakwika, 384K yasungidwira BIOS. Yendetsani pulogalamu yoyesera memori ya Memtest86 yakale kuchokera pa disiketi kwa maola angapo. Zolakwika zikatuluka, zimitsani external cache (memori yaing'ono yaliwiro ya pabolodi) mu BIOS n'kuyesanso, chifukwa machipu a cache ogwedera m'masoketi amanamizira memori kawirikawiri. Zikapitirira, onjezani mu BIOS wait state imodzi (kamphindi kodikira memori), kenako sinthani timakhadi kamodzikamodzi ndi kena kodziwika kuti n'kabwino mpaka kolakwako katapezeka.